Gul Makai ankalemba bwino kuposa Malala

Anthu akamakamba za Malala Yousafzai, nkhani imathera pa chipolopolo ndi mphoto ya Nobel. Anamuwombera pa 9 Okutobala 2012 akuchokera kusukulu ku Mingora m'chigwa cha Swat ku Pakistan, anakachirira ku Birmingham, mu 2014 n'kulandira mphoto ali ndi zaka 17. Basi, m'manja. Koma mukafunsa kuti nanga kalembedwe kake n'kotani, aliyense amayang'ana kumbali, ngati kuti kuunika zolemba za mwana amene anaona zoopsa ndi chipongwe. Ine zimenezi zimanditopetsa. Iyeyu ndi mlembi, ndipo mlembi timamuyesa ndi zimene waika papepala.

Zabwino koposa zimene analemba ndi zimene ambiri sanaziwerenge n'komwe: tinkhani ta tsiku ndi tsiku timene BBC Urdu inkatulutsa kuyambira pa 3 Januwale mpaka m'Malichi 2009, pa dzina lodzibisira la Gul Makai. Anali ndi zaka 11. A Taliban a Maulana Fazlullah anali atalamula kuti pofika pa 15 Januwale, mtsikana asapondenso kusukulu m'chigwa cha Swat.

Taonani zimene mwanayu anachita nayo nkhani yaikulu chotero. Tsiku loyamba akutiuza kuti mwa ana 27 a m'kalasi mwake abwera 11 okha. Sakuwonjezerapo ulaliki wa ufulu wa maphunziro ayi, nambalazo zikudzinenera zokha. Pobwerera kwawo akumva bambo wina kumbuyo kwake akunena zopha munthu. Akuwonjezera liwiro, kenako pocheuka akupeza kuti bamboyo akulankhula pafoni, akuopseza wina. Ha! Alembi akuluakulu amatha masamba kufotokoza mantha, koma apa tauona mzinda umene mwana akamva mawu akuti imfa amangodziwa kuti akunena iye. Patapita masiku awiri, nkhani ndi ya zovala. Akusukulu anawauza kuti asiye yunifolomu kuti asaonekere, iye n'kusangalala kuti avala diresi lake lapinki lapamtima. Pa asembule n'kuwauzanso kuti zovala zowala nazonso ziwaputira mavuto. Ndipo pa 14 Januwale, ahedi akulengeza tchuthi koma osatchula tsiku lotsegulira. Tsiku losatchulidwalo ndiye nkhani yonse.

Mphamvu ya tinkhaniti ndi yakuti wolembayo sakudziwa mathero. Sakudziwa za chipolopolo, za Birmingham, za Nobel. Motero diresi lapinki ndi diresi basi, silinasanduke chizindikiro cha chilichonse. Ena ati, si paja ankangonena pafoni, mtolankhani Abdul Hai Kakar ndiye n'kumalemba? Zoona. Koma Kakar naye za mawa sankazidziwa, choncho analibe kokhotetsera nkhani.

Buku la I Am Malala la mu 2013, limene analemba ndi mtolankhani wa ku Britain Christina Lamb, mathero likuwadziwa, ndipo likuyambira pa tsiku la kuwomberedwa lenilenilo. Kuchokera pamenepo chilichonse cha ubwana wake chikukokedwera ku chipolopolocho, ngati mbuzi yopita kumsika. Pakati apo mukubwera masamba a atsogoleri a Pakistan monga Jinnah ndi Zia ul-Haq, a mbiri ya mafumu a Swat. N'zothandiza kwa mlendo, sindikana, koma mawuwo ndi a munthu amene watola nkhani ku Pakistan zaka zambiri, si a mtsikana wa zaka 16. Bukuli limatsitsimuka pokhapokha akamakangana ndi mnzake Moniba kapena akamalimbirana nambala wani ndi Malka-e-Noor. Pamenepo Gul Makai amasuzumira, kenako n'kumubwezanso m'nyumba. Za zimene analankhula ku United Nations pa 12 Julayi 2013 sinditayapo nthawi: ndi mawu a pamsonkhano, osulidwa kuti anthu aimirire.

Chondiwawa n'chakuti achinyamata athu akutengera za pamsonkhanozo. Pitani pa mwambo wa tsiku la mwana wa mu Africa pa 16 Juni mukamve ndakatulo: ufulu, nkhanza, tsogolo, atsogoleri a mawa, mwana akukuwa mawu amene anawaona pa chinsalu cha bungwe lomwe lagula zakumwa. Oweruza nawo amapatsa mphoto wokuwa kwambiri. Chonsecho dziko lino linasintha malamulo ake aakulu mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, kutanthauza kuti atsikana oona ndi maso za maukwati a ana alipo ambirimbiri. Ndani akuwauza kuti alembe zimene anakambirana amalume pakhonde madzulo aja, kapena kumene kunapita yunifolomu ya mnzawo atamutula kwa mwamuna?

Ngakhale William Kamkwamba, amene buku lake la mu 2009 analemba ndi Bryan Mealer, amamveka kuti ndi mnyamata wa ku Wimbe akamatchula dayinamo ya njinga, mapaipi apulasitiki ndi zitsulo zotola kudzala. Akayamba kufotokozera azungu kuti nsima n'chiyani, ine ndimatsegula tsamba lina.