Mutu Ukaima pa Pepala: Kodi Mabuku a Malangizo Amathandiza?

Aliyense amene anayesapo kulemba mbiri ya mudzi wake, lipoti la komiti kapena nkhani ya m'magazini amalidziwa vuto ili: pepala lili patsogolo, cholembera chili m'manja, koma mawu osabwera. Katswiri wa matenda a maganizo, Edmund Bergler, analipatsa dzina vutoli m'chaka cha 1947, ndipo lero mabuku olonjeza kulithetsa ndi ambiri. Phindu ali nalo ndithu, koma amachiza nthenda imodzi yokha mwa ziwiri zimene zizindikiro zake n'zofanana.

Nthenda yoyamba ndi mantha. Mlembi ali nazo zonena, koma chiganizo chilichonse amachiweruza chisanathe n'komwe. Apa mabukuwa amagwira ntchito. Peter Elbow, m'buku lake la Writing Without Teachers la 1973, amalangiza kulemba kwa mphindi 10 osaima, osafufuta, osabwerera m'mbuyo. Anne Lamott, mu Bird by Bird la 1994, amati ntchito yaikulu iduliridwe m'zigawo zing'onozing'ono, ndipo zolemba zoyamba ziloledwe kukhala zoipa. Malangizowa ndi anzeru chifukwa amalekanitsa kulemba ndi kukonza, ntchito ziwiri zimene zimapingana zikachitikira pamodzi.

Komabe malangizo akachuluka amasanduka goli. Mike Rose, amene anafufuza za vutoli pakati pa ophunzira a pa yunivesite ku America, anapeza kuti ambiri ankamangika chifukwa chogwiritsitsa malamulo a kalembedwe, monga lakuti usapitirire ndime yoyamba isanakome. Buku lowonjezera malamulo ena likhoza kukulitsa nthenda imene likufuna kuchiza.

Nthenda yachiwiri, imene mabukuwa amangoilambalala, ndi kusowa zonena. Wolemba nthano ali ndi ufulu wopeka. Wolemba zoona sangapeke chaka chimene mfumu inamwalira kapena mtengo wa usipa wa chaka chatha. Kumuuza munthu wotere kuti azingolemba kuli ngati kumuuza kuti asinje mtondo wopanda chimanga. Chotsatira chake ndi masamba odzaza mawu opanda mfundo, kapena choipa koposa, zongoganizira zolembedwa ngati zoona, zimene ana athu adzaziwerenga n'kuzikhulupirira.

Ibn Khaldun analemba Muqaddimah m'miyezi 5 m'chaka cha 1377, ali kwayekha ku Qal'at Ibn Salama, m'dziko limene lero ndi Algeria. Zinatheka mwachangu chotere chifukwa mfundo zake anali atazikolola pa zaka zambiri zowerenga ndi zotumikira mafumu. Koma kuti apitirize mbiri yeniyeni ya mitundu ya anthu anafunikira mabuku amene kumeneko kunalibe, choncho mu 1378 anabwerera ku Tunis kukawafuna. Mankhwala ake sanali kudzikakamiza pa tebulo, koma ulendo.

Musanagule buku la malangizo, yesani izi. Mufotokozereni mnzanu pakamwa zimene mukufuna kulemba. Ngati mfundo zikutuluka bwinobwino, vuto lanu ndi mantha, ndipo Elbow ndi Lamott akuthandizani. Ngati mukudodoma ngakhale pakamwa pomwe, ikani cholembera pansi. Pitani ku laibulale, kafunseni akuluakulu amene anaona zinthuzo ndi maso awo, kawerengeni makalata akale. Paja safunsa anadya phula, ndipo mlembi wosafunsa amadyetsa phulalo owerenga ake.