Kachizindikiro ka ± pa Chaka cha ku Nkope

M'malipoti a zofukulidwa pansi kum'mwera kwa nyanja ya Malawi muli kamzere kafupi aka: AD 360 ± 120. Kakunena za Nkope, pagombe la Mangochi kufupi ndi Nkhudzi, pomwe K.R. Robinson anakumba mapale a anthu oyambirira kusula chitsulo m'derali. Lipoti lake linatuluka mu 1970. Ambirife timawerenga 360 n'kulekera pomwepo, koma nkhani yeniyeni ili kumapetoko.

Tiyambe ndi 360 yomweyo. Pamalo otere chimene amayeza kawirikawiri si phale ayi, koma makala opezeka nalo limodzi. Mtengo ukadali moyo umatenga kaboni-14 mumpweya. Ukafa, kaboniyo amayamba kutha, theka pa zaka 5,730 zilizonse. Njira yoyezera zaka ndi kaboniyu anaitulukira Willard Libby cha m'ma 1949. Ndiye kuti chakachi chikuloza pamene nkhuni inasiya kukula, osati tsiku limene mayi anaumba mphika. Ngati anakoleza moto ndi chitsa cha mtengo wakalekale, chaka chituluka chakale kuposa mudzi. Ngati wina anadzakumba dzenje la nsanamira n'kusakaniza dothi, khala ndi phale zikhoza kugona pamodzi koma zisali za mbadwo umodzi.

Tsono ± 120 uja. Apa woyeza akuvomera poyera malire a ntchito yake: yankho lili pakati pa 240 ndi 480, ndipo mwayi woti lilidi mmenemo ndi magawo awiri okha mwa atatu. Zaka 240 ndi mibadwo pafupifupi khumi! Komanso zakazi zimafunika kuwongoledwa poziyerekeza ndi mizere ya m'kati mwa mitengo, chifukwa kaboni wa mumpweya sanali wofanana nthawi zonse. Zimandipweteka kuona kachizindikiroka katafufutidwa, chifukwa wowerenga amatsala ndi chaka chimodzi chimene palibe anachiyeza.

Ku Nkhudzi kwenikweniko njirayi imafooka. Manda amene R.R. Inskeep analongosola mu 1965 ndi a m'ma 1700 ndi 1800, ndipo kuyambira cha m'ma 1650 mpaka 1950 kaboni ankakwera n'kutsika moti muyeso umodzi umaloza nyengo zingapo. Pamenepa amadalira kwambiri katundu wamalonda amene anakwiriridwa ndi maliro, makamaka mikanda yagalasi yochokera kunja, poiyerekeza ndi ina yodziwika nthawi yake.