Mau a Maonekedwe, Mizere ndi Ngodya: Kuyesa Zimene Mabuku a Masamu Anabwereka

Mwana wa kwa Kaomba asanalowe m'kalasi amakhala ataona kale zambiri zimene sukulu idzamphunzitsa ndi maina ena. Waona atate ake akukoka chingwe pa nazale ya fodya kuti bedi liongoke. Waona mizere ya m'munda itandanda kuchokera ku mseu kufikira ku dambo osakumana. Waona mphanda za chigafa zitaimirira, mitanda itapingasa pamwamba pake. Phunziro limene Agriki analipatsa dzina lotanthauza kuyeza nthaka, ndilo jiyometiri, siliri lachilendo kwa iye. Achilendo ndi mau okha. Tsono funso loyenera kuliyesa ndi ili: kodi mau amene mabuku a masamu anapatsa mwanayo amamthandiza kuona bwino zimene adziwa kale, kapena amamphimba m'maso?

M'chaka cha 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha fuko, ndipo pambuyo pake mabuku a masamu a Sitandade 1 mpaka 4 analembedwa m'chinenerocho. Olemba ake atafika pa maonekedwe a zinthu anasankha njira yobwereka: anatenga mau a Chingerezi nawaveka malembo a Chichewa, motero kunabadwa sikweya, rekitango, thirayango ndi seko. Mercy Kazima, mphunzitsi wa masamu wa ku Yunivesite ya Malawi, analemba za njirayi m'chaka cha 2008, naiyerekeza ndi ya ku Tanzania ndi ya ku Nigeria. Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, koma nkhaniyi siinathe nalo, pakuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akapanda kumva, mphunzitsi amabwerera ku Chichewa, ndipo pamenepo ayenera kukhala nao mau m'kamwa.

Njira yobwerekayi iri ndi ubwino wake, ndipo nkosayenera kuubisa. Mau ake ndi afupi, ndipo mwana amene anazolowera kunena rekitango savutika akapeza liu lomwelo m'Chingerezi pa mayeso a Sitandade 8. Chinenero chiri chonse chimabwereka. Chiswahili nacho chinatenga duara ndi mstatili kwa Aarabu. Liu lakuti sikweya linafika kale m'midzi pa dzanja la amisiri omanga ndi opala matabwa, amene amatcha motero chida chao choongolera ngodya.

Chirema cha njirayi nchakuti mau ake ndi osalankhula. Mnyamata wa ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene Chilatini ndi Chigriki zakhala zikuphunzitsidwa chitsegulire sukuluyo m'chaka cha 1981, akamva liu limene linabala thirayango amamvamo mau awiri a Chilatini, lakuti zitatu ndi lakuti ngodya. Mwana wa ku Tanzania akamva pembetatu amamvamo zomwezo m'chinenero chake. Koma mwana wa kwa Kaomba, m'boma lomwelo la Kasungu, akamva thirayango samvamo kanthu. Aliloweza monga dzina la mlendo. Tsiku limene mphunzitsi ajambula chinthucho chitapendeka, kapena nsonga yake italoza pansi, mwanayo amakana kuti sindicho, chifukwa analoweza chithunzi chimodzi, osati lamulo lake. Akadauzidwa kuti ichi ndi cha ngodya zitatu, akadawerenga ngodyazo nadziweruzira yekha.

Komatu amene angaganize kuti mau a m'mudzi adzachiritsa zonse alakwanso, ndipo apa ndi pamene mphunzitsi ayenera kuchenjera koposa. Liu lakuti mzere likhale loyamba. M'munda mzere uli ndi msana, uli ndi mimba, ndipo pa malo otsetsereka umakhota potsata akalozera. Mzere wa masamu, monga anaufotokozera Euclid ku Alexandria zaka ngati 300 Khristu asanabadwe, uli ndi utali wokha wopanda kukula kwa m'mbali. Chifaniziro chake chabwino si mzere wolimidwa ai, koma chingwe chokokedwa zolimba pakati pa zikhomo ziwiri. Chomwechonso mizere imene iyenda pamodzi osakumana isatchedwe yofanana kapena yolingana, pakuti mau amenewo mwana amawamva ngati akunena za utali. Mizere iwiri ingathe kusiyana utali koma nkukhala yosakumana. Chofunika nchakuti mpata wa pakati pao usasinthe, monga mpata wa mikangala yopachikidwa bwino m'chigafa.

Liu lakuti ngodya ndilo lovuta koposa onse. M'mudzi ngodya ndi malo: ngodya ya nyumba, ngodya ya munda, kumene munthu angaike khasu. M'masamu ngodya ndi muyeso wa kukanuka kwa mizere iwiri yochokera pa malo amodzi. Mwana wosauzidwa kusiyanaku amayesa kuti ngodya ya mizere yaitali ndiyo yaikulu. Mankhwala ake ali pa khomo la kalasi: chitseko chikatsegulidwa pang'ono ngodya ndi yaing'ono, chikakankhidwa ikula, koma chitsekocho sichinatalike. Mphanda ziwiri, ina yaifupi yokanuka kwambiri, ina yaitali yofinyika, ziphunzitsa zomwezo popanda choko.

Ngodya ya madigiri 90 Chingerezi chimaitcha right angle, ndipo mwana amene waphunzira kumene kuti right ndi kumanja amayamba kufunafuna ngodya ya kumanzere. Liulo litanthauza kuongoka, osati dzanja. Kuitcha ngodya ya njerwa kungathandize m'makalasi oyamba, popeza njerwa yotuluka m'chikombole chabwino iri nayo pa mbali zonse. Amisiri amaipeza ndi chingwe: ayeza mapazi 3 mbali imodzi, mapazi 4 mbali inayo, ndipo ngati pakati pa mathero awiriwo pali mapazi 5, ngodya yaongoka. Chifukwa chake nchakuti 9 kuphatikiza 16 ndi 25, lamulo lodziwika ndi dzina la Pythagoras, limene ana adzalipeza ku sekondale. Ndi bwino alipeze atalikoka kale ndi manja pa bwalo la sukulu.

Liu lakuti chozungulira nalo limanyamula katundu wochuluka. Mkombero wa lichero, nkhokwe ndi mpira zonse anthu amati nzozungulira, pamene masamu amazisiyanitsa: choyamba chigona pansi chopanda msinkhu, chachiwiri chiri ndi msinkhu, chachitatu nchobulungira mbali zonse. Pano Chichewa sichisowa mau. Chimene chisowa ndi mphunzitsi wosankha liu limodzi pa chinthu chimodzi ndi kulisunga chaka chonse. Ndipo tanthauzo la seko palibe buku lingalipereke bwino kuposa womanga nyumba yozungulira, amene akhoma chikhomo pakati, namangapo chingwe, nalemba pansi ndi kamtengo. Malo onse a pa mkomberowo atalikirana mofanana ndi chikhomo, chifukwa chingwe nchimodzi.

Zonse zikayesedwa, mlandu wa mabukuwo si kubwereka ai, koma kuika dzina patsogolo pa chinthu. Dongosolo labwino liri ndi makwerero atatu. Poyamba mwana agwire chinthucho: mphasa, njerwa, lichero, chingwe. Kachiwiri anene m'Chichewa chimene chichititsa kuti chikhale chomwecho: mbali zinai, ngodya zinai za njerwa, mbali zoyang'anizana zofanana utali. Kachitatu alandire dzina lakuti rekitango monga chizindikiro cha zimene wanena kale. Mwana woyenda njira iyi sadabwa akamva kuti sikweya nayo ndi rekitango imene mbali zake zonse zafanana, pamene woloweza maina okha amatsutsa zimenezi mpaka kukula.

Wophunzira uphunzitsi akapita kukayesera nchito pa sukulu ya kwa Kaomba, adziyese ndi ichi: atembenuze chithunzi pa bolodi, afafanize dzina lake, nafunse ana kuti nchiani ndiponso chifukwa chiani. Akayankha powerenga mbali ndi ngodya m'chinenero chao, phunziro lalowa.