Mtsutso wa Kennedy ndi Nixon: Maso Kapena Makutu?

Pa 26 Sepitembala 1960, mumzinda wa Chicago, John Kennedy ndi Richard Nixon adakumana pa mtsutso woyamba wa opikisana pa upulezidenti wa dziko la Amereka kuonetsedwa pa wailesi yakanema. Nixon, yemwe adali atangotuluka kumene m'chipatala, adaoneka wofooka, thukuta lili kamukamu, pomwe Kennedy adaoneka wamphamvu ndi wodekha. Pa chisankho cha mu Novembala, Kennedy adapambana.

Chodandaulitsa n'chakuti mbiri idasunga nkhope n'kutaya mfundo. Ambiri olemba za usikuwo amakamba za thukuta la Nixon, koma ndi ochepa okumbutsa kuti awiriwa adatsutsana pa zamaphunziro, ulimi ndi chithandizo cha mankhwala kwa okalamba. Nayo nkhani yotchuka yakuti omvera pa wailesi wamba adakometsa Nixon idatsamira pa kafukufuku wopanda mphamvu. Kunena kuti nkhope ya usiku umodzi ndiyo idapereka mpando n'kupeputsa oponya voti, pakuti mitsutso idalipo 4.

Mtsutso uli ngati mlandu wa pabwalo: woweruza wanzeru amayamba watchera khutu, maso asadamunyenge.