Nanzikambe ndi Mawu Ophiphiritsa: Za Ndakatulo za Jack Mapanje

Buku la ndakatulo la Jack Mapanje lotchedwa Of Chameleons and Gods lidasindikizidwa m'chaka cha 1981. Ngakhale lidalembedwa m'Chingerezi, mphunzitsi wa chilankhulo cha makolo ayenera kulidziwa, pakuti luso lake ndi lakumudzi. Mayi wozunzika m'banja sayimirira pabwalo kuneneza mwamuna wake; amaimba pamtondo, mudzi wonse numva, koma palibe womugwira pakamwa. Momwemonso Mapanje adabisa madandaulo a dziko m'nthano ndi m'maina a nyama, monga nanzikambe asintha maanga kuti mdani asamuone.

Adatero chifukwa cha nyengo imene ankalembamo. Kuyambira 1968 kudali bungwe la boma loyesa mabuku, ndipo mu ulamuliro wa Dr. Banda munthu ankatha kutsekeredwa mlandu wake osaweruzidwa. Mphamvu ya ndakatulozi yagona apa: sizitchula dzina la wolakwa, koma wowerenga amamzindikira yekha, ndipo chimene munthu wadzitulukira yekha sachiiwala msanga.

Komabe njirayi ili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, nyimbo ya pamtondo imamveka kwa aliyense, pamene mawu a Mapanje abisika kawiri, m'chilankhulo chachilendo ndi m'mafanizo ozama, kotero kuti ambiri mwa anthu amene ankawalirira sadathe kuwamva. Chachiwiri, kuphiphiritsako sikudamteteze. Pa mwambo wa makolo woimba sankazengedwa mlandu chifukwa cha nyimbo yake. Boma lija silidasunge mwambo umenewu. M'chaka cha 1987 Mapanje, ali mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor College, adagwidwa ku Zomba natsekeredwa m'ndende ya Mikuyu kufikira 1991, osauzidwa mlandu, osaonekera m'khoti. Za moyo wa m'ndendemo adalemba m'buku lina, The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison, la m'chaka cha 1993.

Mphunzitsi atolepo nzeru pamenepa. Asaphunzitse nthano ndi zilapi monga zongoseketsa ana madzulo, koma aonetse kuti ndiyo njira imene ofooka amadzudzulira amphamvu. Ndiponso mwana akafunsa funso lovuta m'kalasi, asamuopseze ndi chikoti, pakuti mwana wotsekedwa pakamwa amaphunzira kubisa, ndipo mtundu wa anthu obisa mawu sumva choonadi kufikira madzi atafika m'khosi.