Mafupa a m'Miyala ndi Chikhulupiriro cha Ana Athu

Makolo ambiri achikhristu amada nkhawa mwana akabwera kuchokera ku sekondale ndi phunziro lakuti zamoyo zonse, ndi thupi la munthu lomwe, zidasinthika pang'onopang'ono kuchokera ku zamoyo zakale. Pofuna kutchinjiriza chikhulupiriro, alaliki ena amati mafupa akale ouma m'miyala ali ndi mipata: sasonyeza zamoyo zapakati zolumikiza mtundu wina ndi unzake, motero phunziro lonselo nlabodza. Cholinga chao nchabwino, koma mfundo yao njofooka, ndipo ingathe kupweteka ana omwewo.

Mipata ilipodi, ndipo Charles Darwin mwini wake adaivomera m'buku lake la 1859. Chifukwa chake sichovuta kumva: chamoyo chikafa chimaola kapena kudyedwa ndi afisi. Chimene chimasungika kawirikawiri ndi chimene chakwiririka msanga m'matope kapena mumchenga.

Komatu mipatayo yakhala ikutsekeka. Mu 1861 ku Germany adapeza Archaeopteryx, cholengedwa cha nthenga ngati mbalame koma cha mchira wautali wa mafupa ngati buluzi. Mu 2004 kumpoto kwa Canada adafukula Tiktaalik, nsomba yokhala ndi khosi ndi zipsepse za mafupa onga a mkono. Sadaipeze mwangozi ayi: adakaifunafuna dala m'miyala ya zaka pafupifupi 375 miliyoni, nthawi imene amayembekeza kuti nyama zotere zidalipo. Kwathu kuno, ku Uraha m'boma la Karonga, mu 1991 kudapezeka nsagwada ya mtundu wakale wa anthu, ya zaka zoposa 2 miliyoni.

Tsono tikamuuza mwana kuti Mulungu alipo chifukwa fupa lakutilakuti silidapezeke, adzatani tsiku limene lidzapezeke? Tidzakhala titamangira chikhulupiriro chake pa mzati wodyedwa ndi chiswe.

Eklezia satiphunzitsa kuopa miyala. Nicolas Steno, amene mu 1669 adalongosola kuti miyala yoyalana yapansi ndiyo yakale kuposa yapamwamba, adadzakhala episkopi. Mu 1950 Papa Pius XII, m'kalata yake Humani Generis, adalola kufufuza za chiyambi cha thupi la munthu, natsimikiza kuti mzimu wa munthu amaulenga ndi Mulungu mwini. Mu 1996 Papa Yohane Paulo II adavomereza kuti umboni wa kusinthika kwa zamoyo wakula kwambiri.

Nayenso wasayansi amene anena kuti mafupa atsimikiza kuti kulibe Mulungu wadumpha malire a munda wake. Fupa lingatiuze zaka zake ndi maonekedwe a mwini wake, koma za ulemerero wa munthu ndi cholinga cha moyo wake lili chete. Pamenepo mpamene buku la Genesis lilankhula.

Inu makolo, mwana akafunsa musamkalipire. Mloleni aphunzire sayansi mwakhama, ndipo madzulo mupemphere naye kwa Namalenga amene sachita changu pa ntchito yake.