Mpeni wa wocheka labala

Mtengo wa labala sufuna munthu wa dzanja lolemera. Ku Acre, m'nkhalango ya Amazon ku Brazil, ocheka labala amalawira m'bandakucha, nyali ili pamutu, chifukwa utomoni umatuluka bwino kusanatenthe. Dzuwa likakwera, masamba amayamba kukoka madzi ndipo mtengo umaumira.

Luso lonse lagona pa kuya kwa bala. Timitsempha ta utomoni tili m'khungwa, ndipo tambiri tili mkati, pafupi ndi kamnofu kopyapyala komwe kamakulitsa mtengo. Ukangopalasa pamwamba, m'kachikho mugwa timadontho tokha. Ukalowetsa mpeni mopyola, pamatupa mfundo, ndipo pamenepo sipadzachekekanso bwino. Katswiri amasiya pafupifupi milimita imodzi, kuli mdima, akumva ndi dzanja pomwe mpeni uyenera kulekezera. Odziwa amachekanso mopendeketsa, kuyambira kumanzere kutsikira kumanja, popeza timitsemphati timakwera mopendekera kumanja. Bala limodzi limadula tambiri. Khungwa likasamalidwa chonchi limameranso, mtengo n'kudyetsa banja zaka zambiri.

Mitengoyi siimera pamodzi. Wocheka amatsata kanjira kozungulira, kodutsa pa mitengo yoposa 100 yomwe yabalalika pakati pa mitundu ina yosawerengeka, ndipo amaudziwa uliwonse: wopatsa, woumira, wofunika kupumula. Akamaliza amabwereza njira yomweyo kutolera utomoni usanagwirane, mvula isanathire madzi m'tizikho.

Henry Ford, mwini kampani yopanga magalimoto, anayesa njira ina. Mu 1928 anatsegula munda wa Fordlândia m'mbali mwa mtsinje wa Tapajós, mitengo n'kudzalidwa mothithikana. Matenda a masamba ndi tizilombo zinangodumpha mtengo ndi mtengo, ndipo mu 1945 kampaniyo inasiya mundawo. M'nkhalango, mitengo ya mitundu ina ija ndiyo mpanda wotchinga matenda. Minda ya ku Asia, ngakhalenso ya ku Vizara ku Nkhata Bay kuno kwathu, imatha kuima m'mizere chifukwa nthendayo sinaoloke nyanja.

Choncho wocheka wa ku Acre sangagwire ntchito popanda nkhalango yonse. Oweta ng'ombe atayamba kugwetsa mitengo, ocheka labala ankapita ndi mabanja awo kukaima kutsogolo kwa macheka, opanda zida. Mtsogoleri wawo, Chico Mendes, yemwe anayamba kucheka ali mwana, anawomberedwa kunyumba kwake ku Xapuri mu 1988. Mu 1990 boma la Brazil linapatula nkhalango yotchedwa dzina lake, momwe mabanja amaloledwa kukhala, kucheka labala ndi kutola mtedza wa m'tchire.